A Yobu a ku Njombwa Akadali m'Kaundula

Amene anamva zinthu izi ndi makutu awo alipo asanu ndi anayi, ndipo onse ali moyo. Mmodzi mwa iwo ndi a Aloysius Nyirenda a ku Simlemba, mkulu wa mpingo, munthu amene ngakhale pofotokoza za mvula yagwa kumunda kwake sawonjezera dontho. Ndiwo anayamba kundisimbira. Kenako ndinakafunsa mwini nkhani, mai Lefina Chimwaza a ku Santhe, ndipo sanatsutse kanthu kupatula pamene a Aloysius ananena kuti mayiwo ananjenjemera. Apo pokha anakana kwamtuwagalu.

M'madera olima fodya a ku Kasungu muli kagulu ka anthu okonda wayilesi zolankhulirana, zija ena amati ovaova. Si apolisi kapena asilikali ayi. Ndi aphunzitsi opuma, alimi, wokonza njinga mmodzi, anthu amene anakatenga chilolezo chifukwa chongokonda kumva mawu ochokera kutali. Popeza m'maesiteti ambiri foni imasanduka tochi chifukwa chosowa netiweki, iwo anadzikonzera njira yawoyawo. Anaimika mlongoti pamwamba pa thanki ya madzi pa esiteti ina ya ku Njombwa, dzina lake tisalitchule, naikapo sola ndi batire. Mlongotiwo unkalandira mawu a membala aliyense ndi kuwaponya kutali, kotero kuti wa ku Simlemba ankacheza ndi wa ku Santhe ngati ali pakhonde limodzi. Uthenga wolembedwa unkadutsanso pomwepo, kuchoka pa kakompyuta ka membala mpaka kunyumba kwa mai Lefina, komwe intaneti imagwira. Kumeneko unkalowa pa mndandanda wa imelo wa anthu oposa mazana atatu: maparishi, masukulu, ndi abale a matenanti ku Phalombe, ku Thyolo ndi ku Mulanje. Za maliro, za ng'ombe zosochera, za matenda a fodya, zonse zinkayenda motero.

Koma uthenga sunkalowa wokha pa mndandandawo. Unkayamba waima m'bokosi la zodikira mpaka mai Lefina atauwerenga ndi kuuvomereza. Mayiwa anaphunzitsa Sitandade 8 zaka makumi atatu, ndipo atapuma anangosintha ana, khalidwe lomwelo. Tsiku lililonse nthawi ya 6 koloko madzulo ankakhala pa wayilesi ndi kaundula wawo, kuitana mamembala mmodzimmodzi potchula dera. Woyankha mochedwa ankalandira mawu, kaya ndi mkulu wa mpingo kaya ndi bwana.

Gululi linali ndi malamulo awiri amene sankasewera nawo. Loyamba, uthenga sutha mpaka wolandira atanena kuti "Ndalandira." Asanatero, wotumiza amabwereza, tsiku ndi tsiku ngati n'koyenera, ndipo wonena kuti walandira wadzimanga kuti aupereka. Lachiwiri, membala akamwalira amamuitana komaliza katatu pa wayilesi. Pakakhala zii katatu konse, dzina lake limafufutidwa m'kaundula ndi pa mndandanda.

Womaliza kuitanidwa madzulo aliwonse anali a Yobu Makwinja a ku Njombwa. Anali tenanti, kwawo ku Phalombe, ndipo anatha zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa esiteti yomwe ija ya thanki. Manja awo anali akuda ndi utomoni wa fodya, koma waya akaduka pa mlongoti ndi manja omwewo ankakwera kukalumikiza. Chifuwa chinkawavuta. Masiku amene chinawapana kwambiri sankayankha ndi mawu, ankangodina batani la wayilesi kawiri, tcha tcha, ndipo mai Lefina ankalemba m'kaundula kuti alipo.

Lachinayi lina mu February, fodya akuthyoledwa, mai Lefina anapeza uthenga wa a Yobu m'bokosi la zodikira. Unkanena za kamsitu ka misuku kumapeto kwa esiteti, komwe ankaika matenanti omwalira kutali ndi kwawo, opanda wowatengera kumudzi. Eni esiteti anaganiza zolambula kamsituko kuti amangepo zigafa zatsopano zoumitsiramo fodya, ndipo thirakitala inali kubwera Lolemba, patatha masiku khumi ndi limodzi. Pansi pake a Yobu anandandalika maina makumi awiri ndi atatu, lililonse ndi mudzi wake ndi malo amene mtumbira wake uli. Anamaliza motere: "Khumi ndi anayi mwa manda amenewa ndinakumba nawo ndine. Abale awo adziwe thirakitala isanafike."

Mai Lefina asanamalize n'kuwerenga kachiwiri, foni inalira. Anali a Cornelius Mwale, manijala wa esitetiyo, amenenso anali wapampando wa gululo. Upampandowo sanaupeze chifukwa cha nzeru ayi, koma chifukwa thanki inali m'manja mwawo. Nawonso ankatha kulowa m'bokosi la zodikira, ndipo anali atauona uthengawo.

"Amayi, zimene akuti mandazo ndi zulu za chiswe chabe," anatero a Cornelius. "Uthenga umenewo ukangotuluka, mlongoti utsika tsiku lomwelo. Musankhe nokha."

Apa ndiye pamene mai Lefina analakwa, ndipo amavomera okha. Anaganiza za amayi apakati amene galimoto inawapeza panthawi yake chifukwa cha mlongoti umenewo. Anaganiza za midzi imene ikanabwerera kukhala duu, maliro kumveka atatha kale. Sanauvomereze uthengawo, sanaufufutenso. Anangousiya m'bokosi kuti ugone.

Madzulo ake, atafika pa Njombwa, a Yobu anayankha ndi mawu osasa. "Ndiliko. Mai Lefina, mwalandira?"

"Tidzakamba mawa, a Yobu."

Lachisanu anafunsanso, ndipo anayankhidwa chimodzimodzi. Loweruka anangodina kawiri. Lamulungu m'mawa akazi awo anawapeza m'chigafa atakhala motsamira mzati, fodya ali lendelende pamwamba pawo, thupi litazizira kale. Matenanti anzawo sanadikire chilolezo cha munthu. Lolemba anakawaika m'kamsitu komweko, ndipo a Cornelius anangolamula kuti mtumbira usakwezedwe.

Lachiwiri mkazi wamasiye, mai Evelyn, anafika ku Santhe pa njinga ya kabaza kudzabweza wayilesi, popeza inali ya gulu. Anaikulunga m'chitenje ngati mwana. Mai Lefina anachotsa batire ndi manja awo, naika batireyo pa windo ndi wayilesi m'kabati, nakiya. Mai Evelyn sanakhalitse. Potuluka anangoti, "Usiku womaliza ankangonena kuti amayi aja sanayankhe." Mawu amenewo anawalasa mai Lefina pamtima, ndipo tsiku limenelo chakudya sichinalowe.

Tsiku lomwelo a Cornelius analowa m'bokosi ndi kufufuta uthenga uja, nalamula kuti Lachitatu a Yobu aitanidwe komaliza, nkhani ithe.

Lachitatu m'mawa mai Lefina atayatsa kompyuta, uthenga unali pomwepo. Anaganiza kuti makina asokonekera, poti makina nawo amakhala ndi masiku awo. Masana a Cornelius anaimba foni akukalipa, ati amayi mwaubwezera bwanji, ndipo anaufufutanso ali pa foni pomwepo. Mai Lefina anauona ukuchoka. Anapita kukatunga madzi. Pobwera anaupeza wabwerera.

Ulendo uno anauwerenga modekha, chala chili pa galasi, monga ankawerengera mayeso a ana. Maina anali makumi awiri ndi anayi. Anawerenganso. Makumi awiri ndi anayi. Lomaliza linali lakuti: "Yobu Makwinja, Phalombe. Kumanzere kwa msuku wopindika, mtumbira wosakweza."

Anazimitsa kompyuta. Anakayesa chitseko cha kabati, chinali chokiya. Batire inali pa windo pomwe anaisiya, itayamba kale kugwira fumbi.

Pofika 6 koloko mvula inali itangokata. Kunja kunali kamdima kofiirira, madzi akudonthabe pa malata, achule a kudambo atayamba msonkhano wawo. Mai Lefina anakhala pampando, natsegula kaundula, nayatsanso kompyuta. Anaitana mamembala onse, ndipo onse asanu ndi anayi, kuwerengera ndi iwo eni, analipo, ngakhale aja ozolowera kujomba. A Cornelius anayankha kuchokera pansi pa thanki penipeni, ndi wayilesi ya m'manja.

"Abale," anatero mai Lefina, "mnzathu a Yobu Makwinja atisiya. Tiwaitana komaliza monga mwa mwambo wathu. Pasapezeke wolankhula."

Anadina batani. "Njombwa, Njombwa. A Yobu, muliko?"

Wayilesi inangoti shiii, ngati mvula ya kutsidya. Anawerenga mpaka khumi chamumtima.

"Njombwa, Njombwa. A Yobu, muliko?"

Achule anasiya. Onse, nthawi imodzi. Madzi a pa malata anasiyanso kudontha. M'chipindamo munalowa fungo la fodya wauwisi, lija lowawa limene limakakamira m'zovala za othyola. Mai Lefina analeka kulima fodya amuna awo atamwalira, zaka khumi zapitazo. Pakhomo pawo panalibe ngakhale tsamba limodzi.

Anadinanso batani. "Njombwa, Njombwa. A Yobu, muliko?"

Tcha. Tcha.

Kenako kutsokomola. Kouma, kotalika, kothera m'kupuma kwa mluzu. Aliyense pagulupo ankakudziwa.

"Mai Lefina," mawu anatuluka pang'onopang'ono. "Mwalandira?"

Woyamba kulankhula anali a Cornelius, mawu atakwera ngati a mwana. "Ndani akusewera pamenepo? Ndani ali ndi wayilesi ya Yobu?"

"Ili m'kabati mwanga," anatero mai Lefina. "Yopanda batire."

"Amama," ananong'ona a Aloysius kuchokera ku Simlemba, "ine ndamva. Ndi iwo."

"Zachibwana!" anakuwa a Cornelius. "Ndikuzimitsa mlongoti pompano. Tione ngati mzukwa wanuwo uli ndi thanki yake."

Anamveka akuthamanga m'matope, chitseko cha kabokosi ka batire chikulira, kenako phokoso lawo linaduka. Kanyali kobiriwira ka pa wayilesi ya mai Lefina, kosonyeza kuti mlongoti ukugwira, kanazima. Popanda mlongoti umenewo mawu a ku Santhe sangafike ku Simlemba ngakhale munthu atakwera mumtengo. Izi amazidziwa aliyense amene anagwirapo wayilesi.

Mayiwo anatsala okha ndi mdima, ndi fungo lija likungokulirakulira. Kumbuyo kwawo, m'kabati, munamveka kanthu.

Tcha. Tcha.

"Mwalandira?"

Tsopano mawuwo sanachokere pa tebulo. Anachokera kumbuyo, pafupi, ngati munthu waima pa phewa.

Munthu wina akanathawa osatseka n'chitseko chomwe. Mai Lefina mantha anali nawo, ngakhale amakana, koma pamwamba pa manthawo panakwera mkwiyo. Anakwiyira a Cornelius, amene ankayesa kuti thanki ya madzi ingagule pakamwa pa munthu. Anadzikwiyira okha chifukwa cha mawu aja akuti tidzakamba mawa. Ndipo, ndinene zoona, anawakwiyiranso a Yobu.

Sanacheuke. Anamenya tebulo ndi chikhatho.

"A Yobu, muli moyo simunandiopsezepo, musayambe lero. Ndalakwa, ndikudziwa. Koma m'nyumba muno ndi mwanga, ndipo woyendetsa pano ndine. Khalani chete ndigwire ntchito."

Kabati inakhala chete.

Anakokera kompyuta pafupi. Uthenga unali poyera, maina ali ndandanda. Anaika chala pa batani lovomereza. Ankadziwa bwino zimene akutaya: mlongoti, ntchito ya zaka zisanu ndi ziwiri, mawu a anzawo madzulo aliwonse. Anadina. Kenako ananyamula cholankhulira cha wayilesi, ngakhale kanyali kanali kozima ndipo sankayembekeza kuti pali womva.

"Njombwa, kuno ndi ku Santhe. Ndalandira. Ndikubwereza, ndalandira. Ndipo ndapereka."

"Tikukumvani, amama," anayankha a Aloysius, mawu ali mbee ngati ali m'chipinda chomwecho. Wokonza njinga uja anayankhanso. Kenako wina, ndi wina, mpaka onse.

Mai Lefina anayang'ana kanyali. Kanali kozimabe.

"Ngati mukundimva, tengani zolembera," anatero. "Uthenga wa a Yobu wafufutidwa kawiri pa kompyuta sabata ino. Maina awa alembedwenso pamanja."

Anayamba kuwerenga. Perpetua Namaona, wa ku Thyolo, pansi pa msuku waukulu. Benjamin Likoswe, wa ku Mulanje, pafupi ndi mwala. Mwana wa Sunganani, wosatchulidwa dzina, wa masiku anayi. Dzina lililonse likatha, m'kabati munkamveka tcha, kamodzi, monga munthu wovomereza kuti latchulidwa bwino. Pa dzina la khumi ndi chisanu ndi chiwiri analakwitsa mudzi. M'kabati munakhala zii mpaka atabwerera ndi kukonza.

Ali pakati, a Cornelius anatulukira pa wayilesi yawo ya m'manja, akupuma mwabefu.

"Mukulankhula bwanji? Mukumvana bwanji anthu inu? Batire ili m'manja mwanga!"

"Igwiritseni isagwe," anatero mai Lefina. "Ndipo musadule mawu, sinafike nthawi yanu."

Anapitiriza. Kenako anafika pa dzina lomaliza. Anavula magalasi, napukuta, navalanso.

"Yobu Makwinja, wa ku Phalombe. Kumanzere kwa msuku wopindika."

Tcha. Tcha.

Fungo linachoka pang'onopang'ono, ngati munthu akutuluka mosafulumira. Chule mmodzi analira kudambo, anzake n'kulandira. Wayilesi inati shiii, ndipo mai Lefina ataitana Simlemba sanayankhidwe. Anaitana ena onse, panalibe anamveka. Mlongoti unali wozima ndithu, ndipo tsopano unayamba kuchita monga mlongoti wozima umachitira.

Zotsatira zake n'zoti aliyense wa ku Njombwa angakuuzeni. Uthenga unafika m'maparishi usiku womwewo, ndipo Lamulungu maina anawerengedwa m'matchalitchi a ku Phalombe, ku Thyolo ndi ku Mulanje. Ena sanadikire n'komwe Lamulungu. Gogo wina wa ku Thyolo, amene kwa zaka khumi ndi ziwiri ankayesa kuti mwana wake Perpetua anangomutaya n'kukwatiwa kutali, anafika Loweruka ndi khasu lake m'thumba. Pofika Lolemba m'mawa m'kamsitu muja munali anthu oposa makumi anayi, obwera ndi matenanti pamodzi, akulambula ndi kukweza mitumbira. Woyendetsa thirakitala anafika, nayang'ana mitanda ya nsungwi ili ndandanda, nazimitsa injini. Anatsika, navula chipewa, nakabwereka khasu.

Manda a a Yobu anawapeza kumanzere kwa msuku wopindika. Mai Evelyn akuti malowo anasankhidwa m'mawa wa tsiku la maliro, atalephera kukumba pena chifukwa cha mizu.

A Cornelius anasunga lonjezo lawo. Mlongoti unatsika sabata yomweyo, ndipo kwa miyezi inayi gululo linakhala losamvana. Sindikufuna kukometsa nkhani: miyezi imeneyo inali yowawa. Kuli mayi wina amene anachirira pa ngolo chifukwa panalibe njira yoitanira galimoto, ndipo mai Lefina nkhani imeneyo amaidziwa, saithawa. Pambuyo pake ansembe a parishi ina anawalola kuimika mlongoti pa nsanja ya belu. Sufika patali ngati kale, koma ukugwira. A Cornelius anatula pansi upampando popanda wowapempha, ndipo akuti mpaka lero akafuna kupita kumunsi kwa esiteti amazungulira njira yaitali.

Pa msonkhano woyamba mlongoti utaimanso, wokonza njinga uja anakweza dzanja mwamanyazi. Anati popeza mwambo unachitika, kodi si bwino dzina la malemu lichotsedwe m'kaundula, kuti nawonso apumule, ndi ife tizigona bwino?

Mai Lefina anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Lamulo likuti chiyani? Likuti pakakhala zii katatu. Panali zii katatu?"

"Ayi, amayi."

"Ndiye mukufuna ndifufute munthu woyankha? Pamene anali moyo ndinamusiya m'bokosi masiku atatu. Sindidzamutsekeranso kunja kachiwiri. Wosafuna kumva azizimitsa wayilesi yake tikafika pa Njombwa."

Palibe amene amazimitsa, ngakhale a Aloysius amavomera kuti amayamba apemphera.

Ine ndinapita ku Santhe mwezi wathawu, ndipo mayiwo anandilola kukhala nawo nthawi ya 6 koloko. Kabati ikadali yokiya, kiyi anaimangirira pa kolona yawo. Batire ili pa windo pomwe paja, yatupa ndi dzuwa, yosathekanso kugwira ntchito. Anaitana madera onse, wina n'kumukalipira chifukwa choyankha akutafuna. Kenako anatembenuza tsamba.

"Njombwa, Njombwa. A Yobu, muliko?"

Ndinamva kawiri. Sindinganene ngati kunachokera pa tebulo kapena kumbuyo kwanga, chifukwa khosi langa linakana kucheuka. Ndinafunsa monong'ona kuti, amayi, chimenecho n'chiyani?

Ananyowetsa nsonga ya pensulo ndi lilime, napeza mzere womaliza m'kaundula, nalemba kuti alipo.